Nkhosa ya Natalie

Chimene chinawachotsa ku Alexandria, tauni yoyandikana ndi Washington, m'mawa umenewo chinali khanda la miyezi isanu ndi inayi, Natalie, amene bambo ake, Mgiriki, anamwalira iye asanabadwe. Amtundu wa malemuwo amakumana kamodzi pachaka paphiri lina kumadzulo kwa Washington, pomwe anamangapo katchalitchi kamiyala. Amapemphera, amapha nkhosa, ndipo mwana amalandiridwa mumtundu pokhapokha bambo kapena agogo ake aamuna atalumbira, dzanja lili pankhosayo, kuti magazi ndi awo. Wotsutsa amangoikoka kuichotsa paguwa, nkhani n'kuthera pomwepo. A Thanasi, agogo a mwanayo, ankati makolo awo ankachita zimenezi Yesu asanabadwe. Iwo anali ndi zaka 82 ndi mtima wotopa, moti za chaka chamawa palibe ankazitchula.

Anatsagana ndi Bupe, mayi wa mwana, namwino wa ku Zambia, ndi Fryson wa ku Ntcheu amene ankasamalira mkuluyo. Fryson sankaona chovutikira. Kwawo mwana ndi wakuchikazi basi, samukwerera phiri. Koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Patsinde pa phiri anapeza mvula yadzulo itagwetsera mitengo mumsewu. Foni sinkagwira, ndipo nkhosa inayenera kuphedwa dzuwa lili paliwombo. A Thanasi anati akudziwa kanjira ka m'nkhalango. Bupe anayang'ana milomo yawo yotuwa nakana, koma nkhalamba ija inangotsika m'galimoto n'kuyamba kuyenda. Fryson anatukwana chamumtima, natola botolo la mpweya, madzi ndi mankhwala.

Pakhwawa loyamba madzi anali ofiira, ofika m'chiuno. Fryson anabereka a Thanasi, nawoloka akufufuza miyala ndi mapazi, kenako anabwerera kukatenga Bupe. Kutsidyako mkuluyo sanathenso kuima, choncho anakhalabe kumsana.

Atakwera pafupifupi ola, Fryson anaima chilili. Patsogolo pawo, pakati pa njira, panali chimbalangondo chakuda ndi ana ake awiri. Chinadzutsa mutu n'kufwenthera. Bupe anatembenuka kuti athawe, Fryson anamugwira mkono.

"Musathamange, achemwali. Tibwerere pang'onopang'ono, ndipo mwana asalire."

Natalie anali atayamba kale kung'ung'udza. Bupe anamukokera kutsogolo kuchoka kumsana namuyamwitsa ali chiimire. Chilombo chija chinawayang'ana nthawi yaitali, kenako chinalowa m'thengo ana ake ali pambuyo. Fryson atasuzumira botolo la mpweya anaona kuti latsala pang'ono kutha, koma sanauze munthu.

Anatulukira pamwamba nyimbo yomaliza ikutha. Panali anthu okwana makumi asanu, ndipo wogwira chingwe cha nkhosa anali a Manoli, mng'ono wa a Thanasi, amene chiyambire sanamupatsepo Bupe moni. Fryson anatsitsa mkuluyo paguwa. A Thanasi anaika dzanja pankhosa, natsegula pakamwa, koma munangotuluka mpweya. Anayesanso. Mwambo umafuna mawu, ndipo mawu anali atatsalira m'chitunda.

A Manoli anakulunga chingwe m'dzanja. Bupe anatseka maso, akudziwa kuti kukoka kamodzi kokha kukwanira. Koma mng'onoyo anayang'ana matope amene anali m'thupi monse mwa mkulu wake, natembenukira kwa anthu.

"Munthu wa mtima ngati uwu sakwera phiri lino chifukwa cha mwana wa eni."

Anasanjika dzanja lake pa la a Thanasi, nanena lumbirolo m'Chigiriki, liwu ndi liwu, a Thanasi akugwedeza mutu movomereza. Nkhosa inaphedwa.

Potsika, amuna asanu ndi mmodzi amtunduwo ananyamula a Thanasi pachitseko cha tchalitchi. Anamwalira kuchipatala patapita masiku anayi.

Tsiku la maliro Bupe anakakhala pabenchi la kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi pamodzi ndi Fryson, monga ankachitira nthawi zonse. Mwambo usanayambe, akazi a a Manoli anadzuka kutsogolo, nayenda ndi ndodo yawo mpaka pomwe Bupe anali, namugwira dzanja.

"Kuno n'kwa alendo, mwanawe. Tenga mwana, tiye."

Fryson anatsala yekha pabenchipo, ndipo m'pamene analira.