Alamu Ake a Ndani?

Telala wina wachitsikana anatsika basi m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja, kwawo kwa malemu bambo ake. Sankadziwako munthu. Ankangofuna kuona nyumba imene bambowo ankaitchula mpaka tsiku lomwalira.

"Mwasochera, chiphadzuwa?" anafunsa wakabaza wina. "Kwerani njingayi, kuno ndimadziwana ndi agalu omwe."

Nyumbayo anaipeza itagwa, mbuzi zikugona kuchipinda. Abale onse anabalalika kalekale. Mtsikanayo analira mosweka mtima, wakabazayo n'kumamupukuta misozi.

"Usalire, wapamtima. Ine ndilipo."

Mwana wamasiye, abale, sachedwa kukopeka. Atabwerera kuntchito, foni yake sinkapumanso, wakabazayo akumuimbira.

"Duwa langa, wadya? Bwera tikwatirane. Nyumba ya bambo ako ndidzaimanganso ndi manja angawa."

"Ukunena zoona?"

"Mphezi indiombe! Kunyumba akukudziwa kale."

Mtsikanayo anatseka shopu yake, naika mashini ake osokera m'katoni, nakwera basi osamuuza, ati akamudzidzimutse. Pasiteji anamulozera nyumba ya wakabazayo. Pakhomo anapeza mayi wina akuyanika zovala, khanda lili kumsana.

"Alamu!" anakuwa mayiyo, namukumbatira. "Si inu a pachithunzi cha m'foni muja? Lowani, alamu anga!"

Alamu! Mtima wa telala unadumpha. Ndiye kuti mchemwali wa bwenzi lakeyo wamulandira kale ngati mkazi wapakhomo? Anakhala pampando wabwino, anamupatsa khanda kuti anyamule, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva kuti ali ndi kwawo.

"Nanga achimwene anu ali kuti?" anafunsa mwamanyazi.

Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achimwene anga? Achimwene anu inu, bambo a mwanayu! Anandiuzatu kuti apeza mlongo wawo wotayika, mwana wa bambo awo aang'ono. Kutacha pafoni, kukada pafoni, ine n'kumati asiyeni, magazi ndi magazi."

Apa telala anazindikira kuti mayiyu ndi mkazi wa bwenzi lake. Akuwe? Amuuze chiyani mayi wosalakwayu, khanda lake lili m'manja?

Panja panalira njinga. Wakabaza analowa akuimba mluzu, n'kuuma pakhomo pomwepo.

"Bambo a mwana, taonani wabwera!" anatero mkazi wake mosangalala.

Mwamunayo anatembenukira kwa telala. Manyazi analibe ndi pang'ono pomwe.

"Mwayenda bwanji, achemwali?"

Mtsikanayo anayang'ana khandalo likumusekerera, misozi ikugwera pakamalaya kake.

"Ndayenda bwino, achimwene. Basi yobwerera imanyamuka nthawi yanji?"