Evelina Atawonda

"Mayi, simukwana! Mpandowu ndi wa anthu anayi, koma inu nokha ndinu awiri!" anakuwa kondakitala pa siteji ya Chilomoni. Anthu mu minibasi anafa nalo phwete.

Evelina anabweza phazi lomwe anali ataponda kale pakhomo. Mawu otere anawazolowera kuyambira ali ku pulayimale, koma m'maso munkatenthabe. Minibasi isananyamuke, mnyamata wovala ovolosi yabuluu anatsika.

"Ngati achemwaliwa sakwera, inenso sindikwera," anatero, kenako anatembenukira kwa iye. "Ndine Donald. Ndimawotcherera zitsulo ku Makata. Inu si aja mumalandira alendo pa fakitale ya mapulasitiki?"

"Mumandidziwa?"

"Munthu wokongola chonchi angabisale?"

Tsiku limenelo onse anachedwa kuntchito. Pofika masana uthenga unali utalowa mufoni ya Evelina: "Mwaswera bwanji, mfumukazi ya pa siteji?"

Chikondi chinayaka. Donald ankamutcha "mtsamiro wanga", ndipo ankamugwira dzanja ngakhale pakati pa msika wa Ndirande. Loweruka lililonse ankakadya tchipisi pa chiwaya limodzi ndi Salome, mnzake wa Evelina wapaubwana, yemwenso anali wathupi ndithu. Atsikana awiriwa ankasoketsa madiresi kwa telala mmodzi, ankatukwanidwa limodzi m'misewu, n'kumaseka limodzi.

"Ukadzandisiya ndidzafa," Evelina anatero tsiku lina.

"Ndikusiye ndipite kuti, bebi? Chaka chamawa chinkhoswe. Ndalumbira!"

Koma chaka chisanathe, Evelina anakomoka kuntchito. Adokotala sanabise: shuga anali atakwera, BP nayo, ndipo mawondo anali atatopa. Mankhwala ndi kusala zakudya anali atayesa kwa zaka zitatu osaphula kanthu. Mchimwene wake Jonas, yemwe ankagwira ntchito ku Joni, anaimba foni.

"Bwera kuno, Eve. Kuli opareshoni yochepetsa chifu. Sindikufuna tikuike m'manda ngati mmene tinaikira bambo."

Mayi ake anakana mpaka kulira. "Munthu n'kudulitsa chifu chomwe Mulungu anamupatsa?" Amene anawanyengerera anali Donald.

Ali pa basi ya ku Joni, Evelina anawerenga uthenga wa Donald kambirimbiri: "Pita ukachire, swiiti. Wonenepa, wowonda, ndiwe wanga basi."

Anabwerako patatha miyezi iwiri, ndipo nyumba ya ku Chilomoni inasintha. Mayi ake anapha nkhuku, anaphika mpunga wonunkhira. Evelina anamwa masupuni atatu a msuzi n'kukankha mbale.

"Ndakhuta, amayi."

"Wakhuta chiyani? Chakudya changa chayamba kununkha?"

Pofuna kuwasangalatsa anameza kanyama kamodzi. Anathamangira kuseri kwa nyumba n'kusanza. Mayi ake anatola mbale mwakachetechete, ndipo kuyambira pamenepo ankadyera kukhitchini okha.

Thupi linayamba kutsika ngati madzi a m'ndowa yobowoka. Shuga anatsika, mawondo anapepuka, koma tsitsi linkathothoka ndipo khungu la m'mikono linkalendewera. Madiresi onse anasanduka matumba.

Loweruka lina pa chiwaya, Evelina anangogwira botolo la madzi.

"Ndiye uzingotiyang'ana tikudya?" anafunsa Salome. "Ukutiwerengera tchipisi mkamwa eti?"

"Ayi, Salo, chifu changa n'chaching'ono tsopano."

"Ukuona ngati ife otsalafe ndife nkhumba. Wapita ku Joni kukachotsa zomwe zimatifananitsa."

Donald anangosuntha mbale ya Evelina n'kuyiika patsogolo pa Salome.

Mauthenga anayamba kufupika. "Ndili bize." "Mawa." Akamukumbatira, Donald ankachotsa manja msanga ngati wagwira chitsulo chamoto. Nkhani ya chinkhoswe ikatchulidwa, ankati amalume ake adakali kumudzi. Kodi si iye yemwe ankati pita ukachire? Nanga kuchirako kunalakwa pati?

Ndiye kunabwera manong'onong'o. Pa kiyosiki ya madzi amayi ankasiya nkhani Evelina akafika. Kutchalitchi mayi wina anamugwira phewa n'kunena motsitsa mawu, "Muzingomwa mankhwala mokhulupirika, mwana wanga. Masiku ano anthu akukhala nako zaka zambiri."

Apo m'pamene Evelina anazindikira. Anthu ankati ali ndi kachilombo!

Lamlungu lotsatira anakwera minibasi ya ku Bangwe, kwa makolo a Donald, kuti akafotokoze yekha. Anapeza mayi a Donald akusankha nyemba pakhonde. Anagwada n'kupereka moni.

"Amayi, ndamva zomwe anthu akunena. Si zoona. Ndinachitidwa opareshoni ya chifu chifukwa cha shuga. Donald akudziwa zonse, mufunseni."

Mayiwo anaika lichero pansi, nkhope itadabwa.

"Opareshoni? Koma Donald yemweyo ndi amene anatiuza kuti munapita ku Joni kukayamba mankhwala mobisa. Anati munamubisira matenda. Analira pamaso pa amalume ake pompano. N'chifukwa chake tinamulola kuti aone kwina."

"Aone kwina?"

Chitseko chinatseguka. Anatuluka Salome, atanyamula beseni la mbale zotsuka, chitenje atamanga pamwamba pa mimba yomwe inkaoneka kale. Kumbuyo kwake kunali Donald.

"Eve..." anatero Donald.

"Uwauze amayi ako, Donald. Uwauze zomwe unandilembera ndili pa basi."

"Tiye tikakambirane kuseri."

"Pompano! Unanama pompano, uyankhulenso pompano!"

Donald anayang'ana pansi. "Ndinayesetsa, Eve. Ndinkakonda iwe uja. Amene anabwerako ku Joni sindimudziwa. Sudya nafe, suseka ngati kale, ndikakugwira ndimamva mafupa okhaokha. Ndikanawauza chiyani akuluakulu? Kuti ndikukusiya chifukwa wawonda? Akanandiona wopepera."

"Ndiye unasankha kundipatsa matenda? Ndipo ngakhale ndikanakhala nako kachilomboko, chimenecho n'chifukwa chosiyira munthu?"

Evelina anatembenukira kwa mnzake.

"Salo, iwe unaona chipsera changa. Unandisambitsa nditangobwera kuchokera ku Joni."

Salome anakumbatira beseni, misozi ikutsika. "Unandisiya ndekha, Eve. Tinali awiri, anthu akamatiseka. Donald ankabwera kudzadandaula, inenso ndinkadandaula... zinangochitika."

Mayi a Donald anaimirira, nyemba zikumwazika pansi. "Donald, wandinamiza ine mayi ako? Ine ndinauza a mu mphakati kuti azimupempherera mwanayu! Bangwe yense wamva kudzera pakamwa panga!"

Evelina sanadikire zotsalazo. Anatsika njira yamiyala yopita ku siteji. Asanafike foni inalira: "Pepa bebi. Usandide." Anaifufuta nambalayo.

Kunyumba anapeza mayi ake akuchapa. Anakhala pa mwala pambali pawo n'kuwafotokozera zonse, mawu akudukaduka. Ankayembekezera kuti akalipa, atukwana Donald, amanga chitenje kupita ku Bangwe. Koma mayiwo anangosiya manja m'thovu, osamuyang'ana.

"Amayi, mwandimva?"

"Ndamva." Anapuma mozama. "Salome anabwera kuno mwezi wa Juni, iwe uli kuntchito. Anandiuza zomwezo. Anati iwe ndi Jonas munapangana zondibisira, kuti za chifuzo n'zongondiphimba m'maso."

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinakuyang'ana mmene unkathera, mwana wanga. Tsitsi, kusanza kuja..." Mawu awo anasweka. "Ndinakhulupirira. Miyezi inayi ndakhala ndikukulira uli moyo."

"Osandifunsa, amayi? Tikugona nyumba imodzi?"

"Ndinkaopa kuti uvomera."

Evelina anafuna kukalipa, koma mphamvu zinali zitatha. Mayiwo anatambasula dzanja lonyowa kuti amugwire, ndipo iye anasuntha pang'ono, dzanjalo n'kutsala m'malere.

"Lero ayi, amayi," anatero. Ananyamuka, nalowa m'chipinda chake, natseka chitseko.