Kope la Mmisiri

Mtembo unapezeka Lachiwiri, 6:40 m'mawa, m'shedi yopaliramo matabwa. Mwini shediyo anali chafufumimba pa utuchi, nkhongo itaphwanyidwa ndi hamala. Wofufuza milandu anayang'ana osamva kalikonse. Zaka makumi awiri za mitembo zinamuumitsa mtima.

Antchito onse analoza chala mng'ono wa malemuyo, mmisiri amene anagwa padenga zaka ziwiri zapitazo. Chigwereni, mutu wake sunabwererenso m'malo. Ankatukwana popanda chifukwa, ndipo za dzulo sankazikumbuka. Apolisi anakamutenga kwawo 7:15, mkazi wa mmisiriyo asanauzidwe n'komwe za maliro.

Pa 10 koloko anamukhazika m'chipinda chofunsiramo mafunso.

"Munapha achimwene anu?" anafunsa wofufuzayo.

"Eya."

"Ndi chiyani?"

Mmisiri anangosisita thumba la shati.

"Ndi mfuti?"

"Eya."

"Bwana," anatero wapolisi wolemba, "awa mutawafunsa ngati anaba mwezi, avomeranso."

Wofufuza sanaseke. Anaitanitsa zomwe anamulanda m'thumba muja. Linali kope laling'ono. Achipatala analangiza mkazi wake kuti azimulembera zochita tsiku lililonse, ndipo iye ankatsatira mzere uliwonse ngati lamulo. "Sambani. Imwani mankhwala. Musakwere makwerero." Pa tsamba la Lachiwiri panali mzere wina: "Akakufunsani za achimwene, muvomere."

Pa 2 koloko anapeza mkaziyo akusita malaya a mwamuna wake pabalaza.

"Mayi, mzere uwu munalemba apolisi asanafike. Munadziwa bwanji kuti afunsidwa?"

Mayiyo anamaliza kaye kusita kolala.

"Alamu anga ndi amene anakweza amuna anga padenga lonyowa, opanda chingwe," anatero, mawu ali pansipansi. "Sindinadandaule. Koma dzulo masana ndinapeza alamuwo atatenga kopelo, atalembamo kuti, 'Uwani ngati galu.' Amuna anga anawerenga, n'kuyamba kuuwa, antchito ali chikhakhali. Ataweruka onse, ndinabwerera, ndinatenga hamala. Tsambalo ndinaling'amba."

"Nanga n'kuwasenzetseranji mlandu amuna anu?"

"Ndimati aziti ndi odwala, akawasunge kuchipatala. Mawa lake sakanakumbuka n'komwe." Anazimitsa simbi. "Zaka ziwiri, bambo, ndikugona ndi mlendo amene amanditukwana m'mawa n'kundifunsa dzina madzulo. Ndimafuna ndipumeko."

Wofufuza anadikira kuti chifundo kapena mkwiyo zibwere. Sizinabwere, anangomva kutopa.

"Amuna anu tiwatulutsa lero. Inu tiyeni."

"Ndibwerekeni cholembera. Akafika adzakhala pakhomo mpaka atauzidwa chochita."

Anamung'ambira pepala. Mayiyo analemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu, n'kuliika pamwamba pa malaya aja.

"Idyani. Imwani mankhwala. Musandidikire."