Geti Lomwe Pepo Ankalidziwa

Jerka anamudziwa Duje tsiku lomwe bulu wa mnyamatayo anamudyera chipewa. Kunali pakhomo pa chigayo cha mafuta a azitona pomwe Jerka ankagwira ntchito. Duje anabwera ndi matumba pamsana pa buluyo, paja tinjira tamiyala ta m'mudzi mwathu galimoto silowa.

"Achimwene, chiweto chanuchi simuchidyetsa?"

"Pepo amadya, chemwali. Kungoti zokongola amazidziwa ngati mbuye wake."

Mawu otchipa ngati amenewo! Koma Jerka anaseka mpaka misozi, basi nkhani n'kuyambira pomwepo.

Foni yake inasiya kupuma. "Kansomba kanga, nyanja idzauma koma ine sindidzakusiya." Kenako linabwera lonjezo lenileni: "Pa chikondwerero cha mudzi ndidzapambana mpikisano wa abulu, ndipo ndidzakugwadira pamzere womaliza, mphete ili m'manja."

Masana aliwonse uthenga unali womwewo: "Lero sindibwera, wapamtima, ndikukamuphunzitsa Pepo liwiro kuphiri."

"Bulu wophunzira tsiku ndi tsiku bwanji akungonenepa?" anafunsa a Perina, azakhali ake a Jerka.

"Ndi minofu imeneyo, azakhali!"

Kodi munthu wogwa m'chikondi ungamuuze chiyani?

Tsiku linafika. Mudzi wonse unadzaza padoko, utsi wa nsomba zootcha uli tolo. Jerka anaima pamzere womaliza pafupi ndi tchalitchi, chipewa chatsopano kumutu, mtima uli phaphapha.

Ndipo Pepo anathamangadi! Abulu ena akukanirira, wina akubwerera m'mbuyo, iye anali patsogolo yekhayekha. Jerka anakuwa mpaka mawu kusasa.

Atafika pa geti lina lobiriwira m'mbali mwa njira, Pepo anangokhota n'kuima njii.

"Tiye! Pepo, ndapota nawe, tiye!" Duje anamenya zidendene, thukuta lili kamukamu.

Ayi ndithu. Buluyo anakankha loko ndi mphuno ngati mwini nyumba, n'kulunjika kwa Zorka, mtsikana wogulitsa maluwa ouma kwa alendo, yemwe ankaonerera ali pabwalo pake. Analowetsa mutu m'thumba la epuloni yake n'kutulutsa nkhuyu zouma. Sanafufuze n'komwe, thumba ankalidziwa.

Wansembe anatsokomola.

"Duje!" anakuwa mkulu wina wa asodzi. "Phiri lija ndi limeneli?"

Anthu anafa ndi phwete. Jerka yekha sanaseke. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pageti.

"Zorka, undiuze zoona. Amakutchula kuti chiyani?"

Zorka anazyolika. "Kansomba kanga."

Mayo ine! Ngakhale dzina lomwe linali logawana? Zimenezo ndiye zinamulasa Jerka kuposa zonse, misozi n'kungoyamba yokha.

Duje anatsika n'kugwada pafumbi, mphete ili m'manja. "Wapamtima, ndimvere kaye. Buluyu ndi wamisala!"

"Mphete imeneyo ukulozetsa kwa ndani? Tilipo awiri pano."



Abulu onse anadutsa, ngakhale uja wobwerera m'mbuyo anakafika. Jerka anapukuta misozi, nasisita Pepo pakhosi. Kenako anavula chipewa chake chatsopano n'kumuika pakamwa.

"Idya, bwanawe," anatero. "Kwanu konse woona mtima ndiwe wekha."