Malisiti Mazana Atatu a Pei-shan

Pei-shan anafika pamsika atakumbatira bokosi la nsapato ngati wanyamula khanda. Linali Loweruka, pa 25 Meyi, dzuwa la ku Tainan lili paliwombo, ndipo amayi ake, Mayi Kuo, anali kukokolola masamba a kabichi pabenchi pawo. Sanamuyang'ane n'komwe. Anangomufunsa ngati wabweretsa envulopu yofiira ija, chifukwa kusukulu anali atatumiza uthenga kawiri konse kuti ndalama za ulendo wa ku Hualien ziperekedwe pofika Lachisanu, apo ayi dzina lifufutidwa.

"Envulopu ili mommuno, Amayi," anatero Pei-shan akugogoda bokosi lija. "Yangosintha maonekedwe."

Mayi Kuo anapukuta manja pa epuloni n'kutsegula. Munali malisiti okhaokha, omangidwa m'timitolo, tonse tondandalikidwa bwino ngati ndalama za kubanki.

Nkhaniyi inayamba ndi banzi limodzi. Paja lisiti lililonse la m'sitolo limakhala ndi nambala yake, ndipo pakatha miyezi iwiri boma limachita mayere. Palibe amene amataya lisiti. Ngakhale Mayi Kuo anali ndi kabotolo kawo kosungiramo. Tsono mu Januwale lisiti la banzi linamupatsa Pei-shan madola 200, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtsikanayo sanagonenso tulo tabwino. Anaganiza kuti ngati lisiti limodzi labala 200, nanga mazana atatu adzabala zingati? Pamwamba penipeni pa mayerewo panali mamiliyoni khumi. Iye sankafuna onsewo ayi. Ankangofuna foni yatsopano, chikwama cha ulendo, ndi firiji yaikulu yoti amayi ake asamatayenso mpiru wofota.

Ndiye anatenga envulopu yofiira ija ya madola 4,000, imene achibale anamupatsa pa Chaka Chatsopano, n'kuyamba kugula. Sankagula ngati munthu. Ankatenga chofufutira chimodzi, kulipira, kulandira lisiti, kutuluka panja, kubwereranso kumbuyo kwa mzere ndi kapaketi ka tishu. Mawa chingamu, bolopeni, kachingwe komangira tsitsi, chilichonse chotsika mtengo, bola chibwere ndi lisiti lakelake. Mayi wogulitsa m'sitolomo anafika pomupatsa dzina loti Chimodzichimodzi. Malichi ndi Epulo yense zinali choncho, katundu akudzaza thumba la mpunga kunsi kwa bedi, envulopu ikuphwa.

Zonsezi Pei-shan anazifotokoza mothamanga, maso akuwala, ngati munthu amene wabwera ndi nkhani yabwino. Mayi Kuo anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Iwe mwana, ine ndimakangana ndi munthu mpaka kukhosi kuuma chifukwa cha madola asanu. Iwe wagula mapepala a madola 4,000. Mapepala. Kusukuluko amakuphunzitsani masamu kapena kuvina?"

Pei-shan anawapempha kuti angodikira pang'ono, mayere achitika posachedwa, akalipe pambuyo pake ngati pakhale chokalipira.

Bambo Tseng, ogulitsa nsomba pabenchi loyandikana ndi la Mayi Kuo, anali atatchera khutu kuyambira pachiyambi. Anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Achemwali, musamukalipire mpondamatiki. Mawa mudzafuna kukwera galimoto yake." Atatero anakweza kawailesi kakanema kamene kankakhala pamwamba pa bokosi lawo la ayezi, nang'amba katoni, natenga cholembera chachikulu.

Uthenga unayenda msika wonse kuti mwana wa Mayi Kuo wabwera ndi malisiti mazana atatu. Ogulitsa nkhuku anasiya mpeni, ogulitsa zipatso anabwera ndi mpando wawo, ndipo manambala atayamba kutuluka panali patadzaza anthu moti wogula kabichi sakanapeza podutsa. Bambo Tseng analemba manambala atatu aakulu pakatoni paja, n'kudula mzere kunsi kwa atatu omalizira a iliyonse. Lisiti likafanana atatu amenewo, ndi madola 200. Likafanana anayi, 1,000. Ukamabwerera m'mbuyo choncho ndalama zimangokwera, mpaka munthu kuiwala dzina lake.

Timitolo tija tinagawidwa. Aliyense ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kuvundukula. Pei-shan mtolo wake woyamba anauwerenga kawiri. Munalibe kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Ogulitsa nkhuku anakuwa kuti apeza, anthu onse n'kudzuka, koma kunali kuona molakwa, magalasi anali atawasiya pabenchi. Anawaseka mpaka anakhala pansi. Pamtolo wachisanu ndi chiwiri Bambo Tseng anakweza lisiti m'mwamba, la chingamu, madola 200. Anthu anawomba m'manja, Pei-shan analumpha, nauza amayi ake kuti mvula imayamba ndi dontho.

Koma dontholo linali lomwelo. Mulu wa malisiti ogwa unkakula pansi, timitolo m'bokosi tikutha, phokoso nalo likuzilala. Pei-shan anasuzumira m'bokosi muja. Anakumbukira anzake a m'kalasi, mmene anagawanirana kale mipando ya m'basi, ndi nyanja ya ku Hualien imene anali asanaionepo. Mtolo womaliza unatha wopanda kanthu.

Pansi pa bokosi panatsala lisiti limodzi losamangidwa, lokwinyika, lothimbirira pakona. Pei-shan analitola mosafuna n'kuyang'ana pakatoni. 417. Anayang'ana lisiti. 417.

"Amalume," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "tandiwerengereni nambala yachinayi."

"Naini."

"Naini ilipo."

Msika wonse unaunjikana pamsana pake. Bambo Tseng anaphimba nambala yachisanu ndi chala chawo chonunkha nsomba, dala, kuti anthu avutike. Ogulitsa zipatso anawaopseza kuti awagenda ndi gwafa. Atachotsa chala panali 2. Palisiti panali 6. Anthu anabuula onse pamodzi, kenaka n'kuyamba kuseka ndi kumusisita Pei-shan paphewa, pakuti madola 1,000 si ochepa.

Mayi Kuo anatambasula dzanja. Zilembo zinkawavuta, koma nambala sizinawaphonyepo chibadwire. Analiyang'ana lisiti lija kamodzi kokha.

"Madola 185. Ili ndi la mafuta ophikira amene ndinakutuma mu Epulo. Ndalama inali yanga, mafuta tinadya tonse, lisiti ndi langa." Analipinda n'kuliika m'thumba la epuloni. "Ako mazana atatu aja abala 200. Langa limodzi, logulira chinthu chofunika, labala 1,000. Pita ukatenge thumba lako kunsi kwa bedi."

M'mawa mwake Pei-shan anapatsidwa kakona ka benchi, pakati pa anyezi ndi adyo. Anayala zofufutira, tishu, mabolopeni ndi tizingwe ta tsitsi. Apa ndi pamene anadziwa kuti ndalama potuluka imathamanga, pobwera imakwawa. Bolopeni imene anagula madola 15, mayi wina anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti apereka asanu. Pei-shan anavomera msangamsanga. Wogulayo atachoka, amayi ake anamukodola ndi chigongono chakuthwa.

Anamuuza kuti wogulitsa savomera mtengo woyamba ngakhale utakoma chotani. Asamaonetse mano. Asamagulitse chimodzichimodzi ngati mmene ankagulira, amange zitatu pamodzi, chachinayi anene kuti ndi basera. Ndipo munthu akatembenuka kuti akupita, awerenge mapazi ake: akafika atatu osacheuka, ndiye amuitane.

Pei-shan anagwira msanga. Pofika masana anali akukuwa kuposa amayi ake, akuitana ana a sukulu, akuuza azibambo kuti tishu wa pano ndi wofewa kuposa wa m'sitolo, chonsecho anachokera m'sitolo momwemo. Mkati mwa sabata ankathamanga akaweruka kuti akapeze msika wa madzulo, yunifolomu ili m'thupi. Lisiti la chingamu lija silikanalipidwa mpaka pa 6 Juni, ndiye Bambo Tseng anati aligula madola 150. Mtsikanayo anawayang'ana nkhope ili gwa, nawauza kuti nsomba zawo zikanakhala zotsika mtengo choncho bwenzi msika wonse ukudya nsomba. Anagwirizana 190, Bambo Tseng akudandaula kuti benchi limenelo tsopano lili ndi akambuku awiri.

Komabe Lachinayi madzulo, atakhuthula chitini cha ndalama, zonse pamodzi zinangokwana 2,500, chonsecho ulendo unkafuna 4,000. Katundu wabwino anali atatha. Panatsala zofufutira makumi anayi zimene palibe ankazifuna. Pei-shan anakhala pakreti akuyang'ana chitini chija.

Mayi Kuo anapitiriza kumanga mpiru ngati sakuona. Patapita nthawi ananena, osacheuka, kuti tchuthi chikubwerachi akufuna munthu wotsuka makreti mbandakucha, ndipo angathe kulipiriratu 1,500 lero lomwe. Mtengo wake ndi masiku makumi atatu.

Pei-shan anatsala pang'ono kuvomera. Kenaka anatseka milomo.

"Khumi ndi asanu," anatero.

"Ukudwala? Makumi atatu. Ndani wina angakupatse ndalama madzulo ano?"

"Nanga ndani wina angadzuke mbandakucha kutsuka makreti onunkha kabichi wowola? Amalume Tseng?"

"Mundichotsemo ine," anatero Bambo Tseng ali kuseri kwa ayezi.

"Makumi awiri ndi asanu, ndipo ndakukomera mtima," anatero Mayi Kuo.

Pei-shan anaimirira, nanyamula chikwama chake cha sukulu, natembenuka. Phazi loyamba. Lachiwiri. Ankaona basi ya ku Hualien ikunyamuka mpando wake uli wopanda munthu. Lachitatu.

"Iwe, bwera kuno. Makumi awiri. Ndipo usandiyang'ane choncho, si iwe woyamba kundidyera."

Mayi Kuo anawerenga ndalamazo kawiri asanazipereke, nkhope itakwinyika, koma Bambo Tseng analumbira pambuyo pake kuti anawaona akumwetulira kwa kabichi.

Tsiku la ulendo basi inaima pafupi ndi sitolo ija, ana onse n'kukhamukiramo kukagula zodya panjira. Pei-shan anatenga botolo la madzi ndi banzi. M'chikwama mwake munali mpunga wa kunyumba, ndi zofufutira makumi anayi zimene anali atatsimikiza kuti azigulitsa m'basi asanafike ku Hualien. Mayi wogulitsa uja atamuona anaseka, nalekanitsa madzi ndi banzi pakauntala.

"Chimodzichimodzi wabwera. Tiyambe ndi chiti?"

Pei-shan anakankhira zinthu ziwirizo pamodzi.

"Zonse pamodzi, Azakhali. Lisiti limodzi likwana."