Mwezi Uno Usanathe

Pakhomo pa a Lazaro, mphunzitsi wa katekisimu kufupi ndi Nambuma, panali pamtendere. Dzombe la zaka zija linali litapita, m'nkhokwe munali chimanga, ndipo ukwati wa mwana wawo Ezeliya ndi Raphael unali utalengezedwa kamodzi m'tchalitchi. Kunatsala kawiri. Mtsikanayo anali wolimbika pakhasu, koma pakamwa ndiye ayi, tsabola weniweni.

"Mwananga, lilime ndi moto," ankatero amayi ake. "Ukapsa mtima, yamba wameza malovu."

"Ndimeze malovu ngati ndine chitsiru?" ankayankha iye.

Tsiku lina mbuzi za a Veronica, achemwali ake a Raphael, zinadya mtedza umene Ezeliya anayanika pabwalo. Nelia, mnzake wa Ezeliya, anathira mafuta pamoto. "Ukangokhala chete lero, eti, azidzakupondaponda mpaka kubanja."

Ezeliya anawapeza a Veronica pachitsime, mwana kumbuyo, amayi ena ali pomwepo.

"Pepani alamu, chingwe chinaduka," anatero a Veronica. "Ndikupatsani mtedza wanga."

"Khalani nawo! Muona. Mwezi uno usanathe, mulira pakhomo panu."

Amayi aja anayang'anana. Kumudzi mawu otere sanenedwa, ngakhale kamwana kamadziwa.

A Lazaro atamva, anamuitana Ezeliya. "Pita ukabweze mawuwo pamaso pa onse amene anawamva. Dzuwa lisalowe uli chikwiyire."

"Bambo, mbuzi ndi zawo, mtedza ndi wanga. Wopepesa ndikhale ine?"

Sanapite. Lamulungu analengeza kachiwiri, iye atakhala kutsogolo, khosi lili gwa. Lachitatu mwana wa a Veronica anadwala chikuku, monga ankadwalira ana ambiri chaka chimenecho. Loweruka anamuika m'manda. Ezeliya atafika pasiwa, amayi anasuntha mmodzimmodzi mpaka anatsala yekha pamphasa.

Mawa lake, nthawi yolengeza kachitatu, atsibweni ake a Raphael anaimirira n'kunena kuti banja lawo lakana ukwatiwo.

Ezeliya anamutsekera njira Raphael panja pa tchalitchi. "Kodi nawenso ukuti ndine mfiti? Chikuku ndinachilenga ndine?"

"Ndikudziwa kuti sunamuphe," anatero Raphael, maso ali pansi. "Koma unafuna kuti achemwali anga alire, ndipo akulira. Ndidzakulowetsa bwanji pakhomo pawo?"

"Pita! Amuna satha."

Amuna sanathedi, koma palibe amene anabweranso kudzafunsira mbeta kwa a Lazaro. Ezeliya anakalambira pakhomo pa makolo ake, akutunga madzi yekha masana, chitsime chikakhala chopanda anthu. Mpaka imvi ankanenabe kuti zolakwa zinali mbuzi. Zoona, zinalakwa, ndipo zinadya mtedza wosadzaza n'lichero lomwe.

Inu achinyamata, mkwiyo umabwera kwa aliyense, koma mangani lilime mpaka utazizira. Mawu oipa mukawatulutsa, abwezeni tsiku lomwelo, lisanafike tsiku limene sangabwezekenso.