Zipi ya Kumsana

Nsungwi anaweruka mochedwa tsiku limenelo, ndipo anaweruka ali chilombo.

Musaseke, abale. Kampani ija ya mafilimu a ngwazi zouluka, zija zovala tizovala tothina n'kumanyamula basi ndi dzanja limodzi, inaganiza zopanga filimu yachilendo: yopanda mtundu, yakuda ndi yoyera basi, polemekeza filimu ina yakalekale ya chilombo imene anthu ankaonera atadziphimba kumaso. Anafuna munthu wamtali woti alowe m'chovala cha chilombocho. Kutalika kuja kumene kunamusautsa kuyambira kusukulu, kumene kunamupatsa dzina loti Nsungwi, lero kunamupezera ntchito. Mayi amene pa kanema ankangooneka kumbuyo kwa ena atanyamula thireyi, lero ndiye chilombo cha filimu yonse! Chimwemwe chake chinali chosagona nacho tulo.

Chovalacho anachisoka ndendende ngati cha filimu yakaleyo: labala wokhuthala, ubweya wotuwa, zikhadabo zazitali, mutu wolumikizana ndi thupi, timabowo tiwiri toonera, ndi zipi imodzi yoyambira pankhongo kukathera m'chiuno. Wotsogolera filimuyo sankalola kusintha ngakhale batani. Antchito ake ankamutcha Bwana Bwerezani, poti mawu ena pakamwa pake anali osowa.

Chimene chinatsala kujambula chinali mathero. Mu filimu yakaleyo chilombo chimazingidwa ndi moto, chimakweza manja onse awiri, chimadzikanda pankhongo mothedwa nzeru, kenaka n'kugwa. Okonda mafilimu amati palibe wina anasewerapo imfa ngati munthu ameneyo. Nsungwi anayesa tsiku lonse, koma ayi ndithu.

"Mayi, mukuoneka ngati mukukanda nsabwe!" anakuwa Bwana Bwerezani. "Uja ankalira ndi manja. Mawa tikuyatsa moto weniweni, kamodzi kokha. Mukalephera, chilombo tichipanga pa kompyuta, inu muzikapuma kwanu."

Kupuma? Atadikira zaka zonsezi? Nsungwi anadzitsekera m'chipinda chovaliramo n'kuyamba kuyeserera pa galasi, kukweza manja, kugwa, kudzuka, kukwezanso. Pomwe amati atuluke, magetsi anali atazimitsidwa. Amayi Telala, osoka zovala amene ankamutsegulira zipi tsiku lililonse, anali atapita poganiza kuti anavula kale. Foni inali m'thumba la thalauzi, m'kati mwa chovala, ikunjenjemera pantchafu popanda woyankha. Mlonda wa pageti anayesa kukoka zipi, zipi inaluma ubweya n'kukanirira.

"Ine ayi, mayi," anatero mlondayo akubwerera m'mbuyo. "Ndikang'amba chovala cha eni ake, ana anga adya chiyani? Akakutsegulirani achemwali anu kunyumba."

Basi, anauyamba wapansi.

Poyamba zinali zokoma, ndisaname. Woyendetsa takisi amene Nsungwi anamukodola ndi chikhadabo anachepetsa liwiro, n'kusuzumira, n'kuliyatsa liwiro lomwe galimoto ija inali isanathamangepo chigulireni. Bambo wina wotuluka m'bala anayang'ana chilombo, anayang'ana botolo lake, n'kuliika pansi mwaulemu. Nsungwi ankaseka m'kati mwa labala mpaka misozi. "Ndikuopsa! Mayo ine, ndikuopsadi!" Anayamba kuyenda monga amayendera pojambula, kukhwekhwereza phazi lamanzere, kuponda ndi lamanja. Khwee... gu! Khwee... gu! Akanakhala pano Bwana Bwerezani!

Koma masitolo anatha. Anthu anatha. Njira ya kwawo inkadutsa pa bwinja la nyumba yakale yojambuliramo mafilimu, yopanda denga, makoma akuda bii, kenaka n'kukwera kamlatho ka pa njanji. Masana ankadutsapo osaganiza kanthu. Tsopano thukuta linali litadzaza m'nsapato, mpweya unali kuchepa, ndipo pa timabowo tija ankangoona kutsogolo kokha.

Khwee... gu. Khwee... gu.

Anaima kuti apume.

Khwee... gu.

Iye anali ataima. Mapaziwo sanaime!

Anafuna kucheuka, koma mutu wa chilombo sucheuka wokha, mpaka utembenuke thupi lonse. Anatembenuka. Pang'onopang'ono. Msewu mbee, palibe munthu. Anatembenukanso...

Anali pambali pake!

Bambo wamtali, wamtali kuposa iye, wovala malaya oyera opinda manja ndi nsapato zazikulu zomanga ndi zingwe. Sanathawe. Sanadabwe n'komwe.

"Mwaswera bwanji, anzanga a ntchito?"

Nsungwi anayankha msanga. "Ndaswera, kaya inu, bambo. Pepani ngati ndakuopsezani, ndine munthu."

"Ndikudziwa, mayi. Mukutentha m'menemo. Mumatentha."

Anadziwa bwanji kuti ndi mayi, mawu ake atasokonezeka chotero ndi labala? Anayenda limodzi. Nsungwi anasiya kukhwekhwereza phazi, koma bamboyo sanasiye, kunali kuyenda kwake. Ndipo panali kafungo. Kafungo ka matayala opserera.

"Tandionetsani za mawazo," anatero bamboyo atafika patsinde pa mlatho.

Mantha anali pomwepo, koma njala ya ntchito inaposa mantha. Mwina anali munthu wa mafilimu, mwina akanamuthandiza! Nsungwi anakweza manja, anadzikanda pankhongo, anagwada mokongola monga anayeserera.

Bamboyo anapukusa mutu. "Mwakometsa kwambiri. Sizinali zokoma."

"Mumaidziwa filimuyo, bambo?"

"Mathero ake sindinawaone. Ndinangomva akuwomba m'manja."

Pamwamba pa mlatho panali chikwangwani chachikulu cha magetsi ofiira, chotsatsa zakumwa. Chinafiiritsa zitsulo za mlatho. Chinafiiritsa njanji pansi. Chinafiiritsa ubweya wa pa mikono ya Nsungwi. Iye anayang'ana mnzakeyo...

Sanafiire.

Malaya oyera. Nkhope yotuwa. Mithunzi yakuda. Mtundu wina ayi! Ndipo thupi lake linkaphethira, likudutsidwa ndi timizere tating'ono toyera. Pakamwa pake pankayamba kuyenda, mawu n'kumabwera pambuyo.

"Tembenukani."

Anatembenuka.

Zala zinamukhudza pankhongo. Zotentha! Kudutsa labala yense uja, zotentha ngati simbi! Zipi imene inakanika mlonda inatsika yokha, zyee, mpaka m'chiuno, ndipo mphepo yozizira inamumenya kumsana.

"Ya mnzako siyivuta," anatero mawuwo kumbuyo kwake. "Yovuta ndi yako."

Anamva bamboyo akugwada, akumasula kanthu, akumanga kanthu.

"Mawa manja adzathamangira kukhosi. Adzathamanga okha. Aletseni, mayi. Chingwe chili m'chiuno."

Nsungwi anazula mutu wa chilombo uja, n'kucheuka.

Mlatho wokha. Magetsi ofiira. Kautsi pang'ono kakukwera.

Liwiro lake! Munthu sanathamangepo chotero atakoleka theka la chilombo m'chiuno. Anakagogoda ndi zikhadabo, ndipo mchemwali wake atatsegula anakuwa, iye anakuwanso, agalu a m'dera lonselo anathandizira. Atakhazikika anatembenuza chovalacho. Pa kabowo ka zipi panali patamangidwa chingwe cha nsapato, chachitali, chotuwa, ndipo kumapeto kwake kunali mfundo yosiya chibowo choti chikhadabo n'kulowa.

"Taya zimenezo!" anatero mchemwali wake. "Ndipo mawa usapiteko, ntchito si imeneyi yokha."

"Achemwali, ndanyamula mathireyi zaka zingati? Ndikupita, ngakhale zitavuta bwanji."

Chingwecho sanachitaye. Anachibisa mu ubweya wa kumsana.

Kutacha, ndiye kunabwera chipwirikiti cha tsiku lomaliza: makamera atatu, nyali zazikulu, mapaipi a gasi atazungulira bwalo, amuna awiri onyamula zozimitsira moto atauzidwa kuti asasunthe mpaka Bwana Bwerezani atakweza dzanja. Ngwazi ya filimuyo inali italendewera pa zingwe pamwamba, ikudandaula kuti chinsalu chake cha kumsana sichikuuluka bwino. Amayi Telala anatseka zipi ya Nsungwi mothamanga, maso ali kwa ngwaziyo. Nsungwi analowa m'bwalo ndi chimwemwe. Lero ndi lero!

"Yatsani!"

Moto unati lawi! kuzungulira. Khwee... gu. Khwee... gu. Zonse zinali kuyenda bwino. Ndiye wina, pofuna kuulutsa chinsalu cha ngwazi chija, anatembenuza chifani chachikulu.

Malawi anagona. Anagonera kwa iye.

Ubweya wa paphewa unagwira moto. Kenaka msana. Fungo lija! Matayala opserera!

"Ndikupsa!" anakuwa. "Zimitsani! Ndikupsa!"

Koma mawu a munthu akadutsa mu labala amatuluka ngati kubangula.

"Eyaa! Chomwecho!" anakuwa Bwana Bwerezani akudumphadumpha. "Musaime! Kamera yachiwiri, yandikirani!"

Manja anathamanga okha. Kukhosi. Pankhongo. Zikhadabo zinakanda, zinaterereka, zinakandanso. Zipi ili pati? Ili pati? Utsi m'maso. Mpweya palibe. Anagwa ndi mawondo, manja akadali pankhongo, akufufuza, akupempha...

Aletseni, mayi.

Anawaletsa. Anatsitsa dzanja lamanja. M'chiuno. Mu ubweya. Chikhadabo chinakola chibowo.

Anakoka!

Zyee! Chovala chinatseguka, Nsungwi anatumphukamo chafufumimba n'kugubuduka pa simenti, tsitsi likufuka. Apo m'pamene amuna a zozimitsira aja anazindikira, n'kuthamanga osadikiranso dzanja la munthu. Chilombo chopanda kanthu m'kati chinatsala chikunyeka pakati pa bwalo.

Amayi Telala ndi amene anayamba kumufikira, n'kumufunditsa thaulo lonyowa, akulira. "Ndinawauza ine! Ndinati zipi tiike kutsogolo, akuti kamera iona. Mwana wanga, watuluka bwanji? M'menemo munthu satuluka yekha!"

Nsungwi anatambasula dzanja. Chingwe chija chinali chitaduka pa zipi n'kumukulunga pamkono. Pansi pa nyali zonse zija, pakati pa mawaya achikasu ndi zozimitsira zofiira, chokhacho chinalibe mtundu.

"Anandimangira bambo wina dzulo, pa mlatho wa pa njanji. Wamtali kuposa ine. Wokhwekhwereza phazi lamanzere."

Amayi Telala anakhala pansi, pa simenti pomwepo.

"Malaya oyera opinda manja?"

"Eya. Mukuwadziwa?"

"Ankamutcha Mlongoti. Kutsimphina kuja sikunali kusewera, anabadwa nako." Mawu awo anatsika. "Chovala choyamba chija anasoka ndi bambo anga, ine ndili kamtsikana kotola mabatani. Tsiku la moto ndinalipo, m'nyumba ija yopanda denga munadutsa dzuloyo. Manja aja dziko lonse limawatama, mwana wanga, sankalira ayi. Ankafuna zipi. Anafera momwemo, anthu akuwomba m'manja, ndipo eni filimu anangoti anapita kwawo. Ngakhale dzina lake silinalembedwe. Papita zaka zoposa makumi asanu." Anachigwira chingwecho ndi chala chimodzi, n'kuchotsa msanga. "Pomutulutsa, nsapato yake imodzi inalibe chingwe. Bambo anga anamwalira akudabwabe kuti chinapita kuti."

Bwana Bwerezani anafika akuthamanga, nkhope ikuwala, sanaone n'komwe matuza pa mapewa a Nsungwi. "Mayi! Mayi! Zimene zija ndiye zenizeni! Manja aja! Kuposa uja wakale! Palibe kubwereza, ntchito ndi yanu, ndipo dzina lanu tililemba pamwamba!" Anatembenukira gulu lonse. "Tiyeni, m'manja!"

Bwalo lonse linawomba. Phwa phwa phwa, mpaka ngwazi yolendewera ija.

Nsungwi anadzuka. Anali ataulota mkokomo umenewu moyo wake wonse, koma tsopano sanafunenso kuumva. Anaimirira ndi msinkhu wake wonse, chingwe chili m'dzanja.

"Lekani! Lekani kuwomba m'manja!"

Bwalo linati zii.

"Dzina langa mulilembe pansi, bwana. Pamwambapo mulembe Mlongoti."

Ndipo mu zii m'menemo, kuseri kwa nyali, kumene kunalibe munthu, onse anamva mapazi akulowera kukhomo, nsapato imodzi ikukhwepa.

Khwee... gu. Khwee... gu.